Kompyuta ikakana lamulo lanu, mawu ofiira aja amakhala akunena chiyani?

Aliyense amene anatumizapo ndalama pa foni amadziwa kuti makina sachita kulota zimene munthu akufuna. Mukalemba nyenyezi ndi manambala, n'kuiwala chizindikiro cha # kumapeto, foni imayesa kuimba nambalayo ngati ndi ya munthu. Inu mumadziwa chimene mumafuna, koma foniyo yachita chimene mwalemba.

Wophunzira kulemba mapulogalamu amakumana ndi zimenezi kambirimbiri pa tsiku. Amalemba mzere, n'kudina Enter, ndipo pa sikirini pamatuluka mulu wa mawu achingerezi, nthawi zina ofiira. Ambiri amangojambula chithunzi n'kutumizira anzawo ndi mawu akuti "zakana". Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akusiya maphunziro pamenepa, chifukwa yankho kawirikawiri limakhala m'mawu omwewo amene akumuopsa. Lamulo limene mwalemba limadutsa m'makomo angapo lisanachitidwe, ndipo uthenga uja umakuuzani khomo limene lakanidwira. Mukadziwa khomolo, malo ofufuza amachepa kwambiri. Zitsanzo zambiri pano nditenga ku Python, chinenero chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991 ali ku Amsterdam, popeza ndicho ambiri akuyambira masiku ano.

Kodi mukuyankhula ndi ndani?

Purosesa, kachipangizo kamene kamachita malamulo m'kati mwa kompyuta, simva mawu ngati print kapena input. Imamva manambala okha. Choncho pakati pa inu ndi purosesayo pamakhala pulogalamu yomasulira, ndipo omasulirawa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Compiler imatenga zonse zimene mwalemba n'kuzimasulira kamodzi, monga amachitira munthu womasulira buku: amamaliza kaye, owerenga n'kulandira buku lathunthu. FORTRAN, imene gulu la John Backus ku IBM linatulutsa mu 1957, inkagwira ntchito chotere. Interpreter ili ngati womasulira wa kutchalitchi kapena kukhoti, amene amamva chiganizo n'kuchimasulira pomwepo, n'kudikira chotsatira. Kucheza ndi kompyuta mwa njira imeneyi, kulemba lamulo n'kuona yankho nthawi yomweyo, kunatchuka ndi chinenero cha Lisp, chimene John McCarthy anayamba mu 1958.

Python ili ndi mbali zonse ziwiri, ndipo mfundo imeneyi ndi yothandiza kwambiri pofufuza vuto. Mukaipatsa fayilo, imayamba yaiwerenga yonse kuti ione ngati kalembedwe kali bwino, kenako n'kuyamba kuchita malamulowo limodzi ndi limodzi. Ngati pa mzere 90 pali vuto la kalembedwe, ngakhale mzere woyamba suchitidwa. Koma ngati pulogalamu yayenda, yasindikiza zina, n'kudzafera pa mzere 90, ndiye kuti kalembedwe kadutsa ndipo vuto ndi la mtundu wina.

Palinso chisokonezo china chimene chimabwera ngakhale munthu asanafike pamenepa. Pa windo lakuda limene mumalembapo malamulo pamatha kukhala omvera awiri osiyana. Wina ndi shell, monga Bash pa Linux kapena Command Prompt pa Windows, amene ntchito yake ndi kuyambitsa mapulogalamu. Wina ndi Python mwiniwake, amene amadziwika ndi zizindikiro zitatu izi: >>>. Mukalemba pip install, lamulo la pa shell loikira mapulogalamu owonjezera a Python, muli pa >>> mulandira SyntaxError, ngakhale kuti lamulolo lilibe vuto lililonse. Mwangoliperekera pa windo la ofesi ina. Chimodzimodzi, uthenga wakuti command not found, kapena is not recognized as an internal or external command pa Windows, suchokera kwa Python. Ndi shell ikunena kuti yayang'ana m'mafoda amene inauzidwa, pa mndandanda wotchedwa PATH, ndipo sinapeze pulogalamu ya dzina limenelo.

Khomo la galamala

Syntax ndi galamala ya chinenero, ndiko kuti dongosolo la zimene zingatsatane ndi zimene sizingatsatane. Njira yolembera galamala yotereyi mwatsatanetsatane inakhazikika ndi chinenero cha ALGOL 60, ndipo imadziwika ndi maina a John Backus ndi Peter Naur. Womasulira amayamba wadula zimene mwalemba m'tizidutswa: ili ndi dzina, iyi ndi nambala, awa ndi mawu ogwidwa, uwu ndi mkutiro wotsegula. Kenako amaona ngati tizidutswato tapanga chiganizo chololedwa. Pa khomo limeneli safunsa ngati zimene mwanena n'zanzeru. Ali ngati kalaliki amene wabweza fomu chifukwa bokosi lina simunalembemo, asanawerenge n'komwe chimene mukupempha.

Ife olemba Chichewa tili ndi msampha wathuwathu pamenepa, ndipo ndi nkhodolero, kachizindikiro kamene kali m'mawu ngati ng'ombe, m'nyumba ndi pang'ono. Mu Python mawu amagwidwa ndi mitengero, ndipo kachizindikiro komweko kamagwiranso ntchito ngati mtengero. Mukalemba print('ng'ombe'), Python imaona mtengero wotsegula, n'kuwerenga ng, n'kuona wina umene imautenga ngati wotseka. Kenako imakumana ndi ombe, kenako mtengero wachitatu umene watsegula mawu osatsekedwa. Imayankha kuti unterminated string literal, kutanthauza mawu ogwidwa amene sanatsekedwe. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito mitengero iwiriiwiri kunjaku: print("ng'ombe").

Mitengero yokhota imene Microsoft Word imaika yokha imavutitsanso. M'maso mwa munthu ndi yofanana ndi yowongoka, koma kwa kompyuta ndi zilembo zina, ndipo Python imadandaula kuti invalid character. Amene amakopera malamulo kuchokera m'manotsi a m'kalasi amagwa pamenepa kawirikawiri.

Chinthu chimodzi choyenera kukumbukira n'chakuti nambala ya mzere imene yatchulidwa ndi pamene womasulira anazindikira kuti zinthu sizikuyenda, osati nthawi zonse pamene munalakwitsa. Mukatsegula mkutiro pa mzere 12 n'kuiwala kuutseka, womasulira amapitirira kuwerenga poganiza kuti chiganizo sichinathe, n'kudzadabwa pa mzere 13 kapena 14. Kwa zaka zambiri Python inkaloza mzere wosalakwawo ndi mawu awiri okha, invalid syntax. Kuyambira pa Python 3.10, imene inatuluka mu October 2021, imabwerera pa mkutiro weniweniwo n'kunena kuti was never closed. Kusintha kumeneku kumaoneka kochepa, koma kwapulumutsa maola ambiri a ophunzira.

Galamala imasinthanso ndi nthawi. Mu Python 2 munkatha kulemba print "Moni" popanda mikutiro. Python 3, imene inatuluka mu December 2008, imakana zimenezi. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 January 2020, koma manotsi ndi mabuku akale akadali m'manja mwa anthu, ndipo wophunzira angathe kukopera chitsanzo molondola chilembo ndi chilembo koma n'kukanidwa.

Galamala yadutsa, koma ntchito yaima panjira

Chiganizo chakuti "pita ukatenge khasu m'nkhokwe" chilibe vuto la galamala, koma mwana akafika n'kupeza mulibe khasu, abwerera. Zolakwika za mtundu uwu zimaonekera pulogalamu ikuyenda, ndipo Python imazitcha ma exception. Chilichonse chili ndi dzina lake, ndipo dzinalo ndi chinthu choyamba kuwerenga.

NameError imatanthauza kuti mwatchula dzina limene Python sikulidziwa. Mwina munalemba mtengo pamwamba, pansi n'kulemba Mtengo, ndipo kwa Python amenewa ndi maina awiri. TypeError imatanthauza kuti mwasakaniza zinthu za mitundu yosagwirizana. ValueError imatanthauza kuti mtundu uli bwino koma chimene chili m'katimo sichingatheke.

Ziwiri zomalizazi zimabuka kwambiri pamene pulogalamu ikulandira zolemba za munthu, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Lamulo la input mu Python 3 limabweretsa mawu nthawi zonse, ngakhale munthu alembe manambala. Wina akalemba 500, pulogalamu imalandira zilembo zitatu, 5 ndi 0 ndi 0, osati ndalama zokwana 500. Mukayesa kuphatikiza zimenezi ndi nambala yeniyeni mulandira TypeError. Mukazisandutsa nambala ndi int zimayenda, mpaka tsiku limene wina adzalembe 1,500 ndi mpatuliro, kapena K1500, monga timalembera mitengo pamsika. Pamenepo int imakweza manja ndi ValueError. Wolemba pulogalamu anaiyesa ndi manambala oyera, pamene anthu enieni amalemba monga anazolowerera.

Pamwamba pa dzina la cholakwika pamakhala mizere yambiri yotchedwa traceback, ndipo ndi imene imaopsa anthu. Taganizani za mlandu wa mphekesera pabwalo la mfumu. Mfumu imafunsa kuti "wamva kwa yani?", wotchulidwayo n'kutchula wina, mpaka kufika kwa woyambitsa. Traceback ndi mndandanda wotero wa amene anatuma mnzake: mzere uwu unaitana ntchito iyi, ntchito iyi inaitana inayo, mpaka pamene zinaphulikira. Python imalemba pamwamba penipeni kuti most recent call last, kusonyeza kuti chochitika chomaliza chili pansi. Choncho kuwerenga kumayambira pa mzere wotsiriza, pamene pali dzina la cholakwika ndi chifukwa chake, n'kumakwera mpaka mutapeza fayilo imene munalemba inuyo. Mizere ya m'mafayilo a anthu ena, amene pulogalamu yanu yangobwereka, kawirikawiri imangosonyeza kumene chinthu cholakwika chimene munatumiza chinakafera. Kuyambira pa Python 3.11 ya mu 2022, pansi pa mzere pamaikidwanso tizizindikiro toloza chidutswa chenicheni chimene chavuta.

Zolakwika zosalira

Cholakwika chimene chimandiopsa kwambiri ndi chimene sichitulutsa uthenga. Phatikizani "500" ndi "200" zikadali mawu, ndipo Python ikupatsani 500200 mosadandaula, popeza kuphatikiza mawu ndi kuwalumikiza. Palibe lamulo la chinenero limene laswedwa.

Dzina la dziko la Malaŵi, likalembedwa ndi ŵ, limapereka chitsanzo china. Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, ndipo mndandanda wakale wa ASCII, wa m'zaka za m'ma 1960, uli ndi malo 128 okha, opanda ŵ. Njira ya UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, imasunga ŵ m'mabaiti awiri, ndiko kuti m'manambala awiri. Pulogalamu ina ikawerenga mabaiti awiriwo ndi mndandanda wakale wa Windows wa zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, imawaona ngati zilembo ziwiri, ndipo pa sikirini pamatuluka MalaÅµi. Nthawi zina Python imaima ndi UnicodeDecodeError, ndipo pamenepo mwachita mwayi chifukwa mwadziwa. Nthawi zina zimangodutsa, dzina lowonongekalo n'kukalowa m'kaundula.

Mapulogalamu amene amafuna kuthandiza mwa kulota cholinga cha munthu amabweretsa vuto lomweli. Lembani nambala ya foni yoyamba ndi 0 mu Excel, ndipo 0 uja amasowa chifukwa Excel yaganiza kuti ndi nambala yowerengera. Akatswiri a za majini (genes, tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo) anavutika ndi khalidwe limeneli kwa zaka zambiri: maina a majini ngati SEPT2 ndi MARCH1 ankasandutsidwa madeti. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza zolakwika zotere pafupifupi m'pepala limodzi mwa mapepala asanu alionse amene anawaunika, ndipo mu 2020 komiti yotcha maina a majini a munthu inalengeza kuti yasintha maina ena, MARCH1 n'kukhala MARCHF1.

Pamene zolemba za munthu zasanduka lamulo

Pali malire amene pulogalamu iyenera kusunga pakati pa malamulo ake ndi zinthu zimene yapatsidwa kuti igwirirepo ntchito. Mtumiki amene wapatsidwa kalata kuti akapereke sayenera kuitsegula n'kuyamba kuchita zimene zalembedwamo. Malirewa akagumuka, cholakwika chaching'ono chimasanduka khomo la akuba.

Mu Python 2, input inkachita zimenezi mwadala. Inkatenga zimene munthu walemba n'kuzichita ngati lamulo la Python. Pulogalamu ikafunsa dzina, munthu n'kulemba Chikondi, inkayankha ndi NameError chifukwa inkafunafuna chinthu cha dzina limenelo m'kati mwake. Ophunzira ankadabwa, koma choopsa chinali chakuti munthu wodziwa akanatha kulemba lamulo lofufuta mafayilo m'malo mwa dzina. Python 3 inachotsa khalidweli, ngakhale kuti aliyense amene amapereka zolemba za munthu kwa eval, imene imachita mawu ngati lamulo, amalibweretsanso.

Nkhodolero ija ikubweranso pano. Chinenero cha SQL, chimene chimayankhula ndi nkhokwe za zinthu zosungidwa pa kompyuta, chimagwiranso mawu ndi kachizindikiro komweko. Ngati pulogalamu imangomata dzina la munthu m'kati mwa lamulo la SQL, dzina ngati Ng'ambi kapena O'Brien limatseka mawu pakati, ndipo fomu imakana. Fomu ikakana dzina lotere, ndi chizindikiro chakuti mwina mlendo angathe kutseka mawuwo dala n'kuwonjezera lamulo lake, chimene chimatchedwa SQL injection. Njira yodziwika yotsekera khomoli ndi kutumiza lamulo padera ndi dzina padera, kuti nkhokweyo isaliwerenge dzinalo ngati lamulo ngakhale likhale ndi zizindikiro zotani.

Ngakhale mapulogalamu akuluakulu amagwa pamenepa. Mu September 2014 kunalengezedwa vuto la Bash lotchedwa Shellshock, limene Stéphane Chazelas anapeza. Bash ikamawerenga zinthu zina zimene yapatsidwa poyamba ntchito, inkapitirira pamene inayenera kuima n'kuchita malamulo amene amatidwa kumapeto. Vutoli linali litakhalamo kuyambira 1989, zaka 25 osaoneka. Pa 19 July 2024 kunachitika china chosiyanako koma cha banja lomweli. Kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yatsopano ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta. Malinga ndi lipoti la kampaniyo, mbali yomasulira fayiloyo inafuna kuwerenga chinthu cha nambala 21 pamene inapatsidwa zinthu 20, ndipo inakagwira malo a memory, mosungira zinthu kompyuta ikamagwira ntchito, amene sanali ake. Microsoft inayerekeza kuti makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anakhudzidwa, ndipo ndege, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinasokonekera. Wophunzira akapempha chinthu cha nambala 21 pa mndandanda wa zinthu 20, Python imamuyankha ndi IndexError n'kuima. Kusiyana kwake n'kwakuti pulogalamu ija inkagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows, kumene kugwa kwake kumagwetsa kompyuta yonse.

Kusaka kachilombo

Olemba mapulogalamu amatcha cholakwika kuti bug, kachilombo, ndipo ntchito yochisaka amati debugging. Mawuwa ndi akale kuposa kompyuta, moti Thomas Edison ankawagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1870 ponena za mavuto a makina. Nkhani yotchuka ndi ya pa 9 September 1947, pamene ogwira ntchito pa kompyuta ya Harvard Mark II anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika m'makina, n'kukamata m'buku lawo la zochitika. Grace Hopper ndi amene anaifalitsa kwambiri nkhaniyi, ndipo bukulo likusungidwa ku Smithsonian ku Washington.

Njira yake ili ngati ya munthu wofufuza pamene paipi ikudontha. Amayamba waona kudonthako ndi maso ake, kenako n'kumatseka mbali imodzi ndi imodzi. Pa pulogalamu, choyamba ndi kupeza zolemba zenizeni zimene zimabweretsa vutolo nthawi iliyonse, chifukwa vuto limene simungathe kulibwereza simungadziwenso ngati mwalithetsa. Kenako mumachotsa zonse zosakhudzidwa mpaka patatsala mizere yochepa imene ikukanabe. Nthawi zambiri vuto limadziulula muli m'kati mochotsa. Ngati silinaoneke, funsani pulogalamuyo chimene yagwira m'manja: sindikizani chinthucho ndi repr, imene imaonetsa mitengero ndi mipata yobisika, ndiponso ndi type, imene imanena ngati ndi mawu kapena nambala. Mpata umodzi kumapeto kwa "inde " ndi wokwanira kuti asafanane ndi "inde", ndipo print wamba sangakuonetseni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekha kumatanthauza kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zitatu n'kuyenda, simudziwa chimene chachiritsa.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimachenjeza aliyense. Python imalola kukuta malamulo ndi try ndi except kuti pulogalamu isafe ikakumana ndi cholakwika. N'zothandiza mukatchula cholakwika chimene mukuyembekezera, monga ValueError, n'kupempha munthu kuti alembenso nambala. Koma kugwira cholakwika chilichonse n'kuchitaya mwakachetechete kuli ngati kuchotsa batire mu alamu chifukwa ikusokosa. Cholakwika cholira chija chasanduka chosalira.

Mafunso amene akatswiri sanagwirizanebe

Kodi pulogalamu iyenera kukhala yolola kapena yokhwima? Mu 1980 Jon Postel, mmodzi mwa okonza malamulo a intaneti, analangiza kuti pulogalamu izisamala pa zimene ikutumiza koma izikhala yolola pa zimene ikulandira. Otsatira mfundoyi amati ndi imene inathandiza makompyuta osiyanasiyana kumvana, ndipo n'chifukwa chake tsamba la pa intaneti lolembedwa molakwika limatsegukabe. Otsutsa amati kulola kumabisa zolakwika mpaka zitazika mizu, ndipo amaloza za majini zija. Munthu akalemba K1,500, kodi pulogalamu imvetse kapena imufunsenso? Nanga akalemba 1.500, pamene m'mayiko ena a ku Ulaya mpumiro umagwira ntchito imene ife timapatsa mpatuliro?

Funso lina ndi la nthawi yogwirira cholakwika. Zinenero ngati Java ndi Rust zimafufuza mitundu ya zinthu pulogalamu isanayende, ndipo zimakana msanga. Python imadikira mpaka mzerewo ufikidwe, zimene zimapeputsa kuyamba koma zimalola vuto kubisala m'mbali imene siyendedwa kawirikawiri. Kuyambira 2015 Python imalola kulemba mitundu mwa kufuna, ndipo magulu a olemba mapulogalamu amasiyanabe pa kuchuluka kwa zoyenera kulemba.

Nanga chinenero cha mauthengawo? Onse amene ndatchula pano ali m'Chingerezi, ndipo si Chingerezi cha tsiku ndi tsiku. Scratch, yophunzitsira ana, inamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo Hedy, imene Felienne Hermans anayambitsa ku Netherlands, imalola mwana kulemba malamulo m'chinenero chake. Ena amati uthenga wa m'chinenero cha kwanu umachotsa mantha. Ena amati wophunzira akafuna thandizo amasaka pa intaneti ndi mawu enieni a uthengawo, ndipo uthenga womasuliridwa sungamufikitse ku mayankho amene ena analemba kale. Kodi uthenga wa m'Chichewa ungathandize wophunzira wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, kapena ungamutsekere kunja?

Funso latsopano kwambiri likukhudza mapulogalamu a nzeru zopangidwa, amene tsopano amalemba malamulo ndi kufotokoza traceback m'masekondi ochepa. Zimene amalemba kawirikawiri zimadutsa khomo la galamala mosavuta, kotero zolakwika zimene zimatsala ndi zosalira zija. Kodi munthu amene sanavutikepo ndi ValueError yekha adzazizindikira? Mapulogalamu omwewa amalandira malangizo ndi zolemba za alendo m'chinenero chimodzi cha anthu, popanda mitengero yolekanitsa, moti chiganizo chobisidwa m'kalata kapena pa tsamba chingathe kumveredwa ngati lamulo. Pa SQL njira yolekanitsira ziwirizi inapezeka. Pa mapulogalamu amenewa, ofufuza akadali kufunsa ngati malire otero angamangidwe n'komwe.